Aphunzitsi a m'beseni

Amayi anga anakhala m'kalasi ya ubatizo zaka ziwiri osatulutsa liwu ngakhale limodzi. Ndikati liwu ndikuphatikiza ndi kutsokomola komwe. Chifuwa chikawagwira ankadzuka, kukatsokomolera kuseri kwa tchalitchi, n'kubwerera pamalo pawo. Anthu kumalaini kwathu, kunyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi, amati ine ndimawonjezera nkhani, koma iyiyi mukhoza kufunsa aliyense amene ankathyola nafe tiyi.

Vuto linali aphunzitsi. Amene ankaphunzitsa kalasiyo anali alamu anga, amuna awo a achemwali anga, ndiye kuti kwa amayi anali apongozi. Kwathu kuno mkamwini ndi mayi wa mkazi wake sayang'anana, sakhalirana pafupi, salankhulana. Akakumana panjira wina amapatuka. Ndinawaonapo amayi akudumphira m'mzere wa tiyi wodzaza mame, dengu lili kumsana, chifukwa choti alamu atulukira pakona ndi njinga. Pakakhala mawu, amadzera mwa mwana. Mwanayo ndinali ine, ngakhale ndinali kale chimtsikana chokhala ndi dengu langa ndi nambala yanga pasikelo.

Ife sitinabadwire mu mpingo wa Sabata. Achemwali ndiwo anayamba, atakwatiwa ndi mnyamata wa ku Khwethemule amene ankagwira ukalaliki pa esiteti yathu. Bambo atamwalira amayi anatsatira. Ine ndinatsatira kwaya, ndisaname. Katchalitchi kathu kanali kakang'ono, ndipo munthu wodziwa kufotokoza phunziro mpaka agogo amve anali alamu okhawo. Ndiye Sabata lililonse masana iwo ankaima kutsogolo ndi kabuku kawo, amayi n'kukhala kumbuyo kwenikweni, chammbali, nkhope itaona khoma. Khoma limenelo likanakhala munthu likanabatizidwa kalekale.

Chaka choyamba, tsiku loti akulu a mpingo atifunse mafunso litafika, amayi anadwala mutu. Mutuwo unapola anthu atangotuluka m'madzi. Ine mafunso ndinayankha onse, koma anati ndidikire chaka china poti ndinaseka pakati pa pemphero. Sikunali kufuna kwanga, nkhuku inalowa. Chaka chachiwiri mutu wa amayi unabweranso tsiku lomwelo, ine ndinali kumaliro. Koma m'sutikesi ya amayi munali diresi yoyera imene anasoketsa atangolowa kalasi. Nthawi ndi nthawi ankaitulutsa, kuiyanika pang'ono, kuipinda, n'kuibweza. Sankanena kanthu, koma tonse tinkadziwa kuti ubatizo akuufuna. Chimene chinkawabweza sitinkachidziwa.

Chaka chachitatu alamu anawasamutsira ku esiteti ina ku Mulanje, ndipo achemwali anapita nawo. Kalasi inatsala yopanda mwini, msonkhano wa pachaka wa misasa uli patsogolo miyezi itatu, ndipo ubatizo umachitika pamisasapo. Akulu a mpingo anayesa kuphunzitsa okha Sabata limodzi. Maso awo anali atatopa, mzere umodzi ankauwerenga katatu, ndipo agogo ena a ulonda amene tinali nawo m'kalasi anagona mpaka kugwa pabenchi.

Apo m'pamene alamu anatumiza uthenga kuti aziphunzitsa pafoni. Anali masiku amene mafoni a m'manja anayamba kufika kumalaini, ndipo pochoka anandisiyira yawo yakale. Inali foni yoti ukaponyera galu, maliro. Mabatani ake anafufutika, kumbuyo inamangidwa ndi labala, koma mawu inkatulutsa.

Netiweki kwathu inkapezeka malo amodzi okha, pachitunda cha pamwamba pa munda, pafupi ndi thanki ya madzi. Ukasuntha phazi limodzi kupita kumanzere, munthu wathawa. Ndiye kalasi yonse inakwera kumeneko: ine, amayi, agogo a ulonda aja, ndi atsikana awiri apachibale amene ankangoseka chilichonse. Foni ikakhala pa laudi mawu ankauluka ndi mphepo, choncho ndinatenga beseni lathu lachitsulo lotsukiramo mbale, n'kuika foniyo m'menemo. Mawu a alamu anatuluka akulu, onjenjemera, ngati akulalikira ali m'chitsime.

Agogo a ulonda anakana kuti beseni likhale pansi.

"Aphunzitsi akhale padothi ife tili pamwala? Iwe mtsikana, tenga mpando."

Ndinatsika chitunda chonse kukatenga mpando. Beseni linakhala pampando, agogo anavula chipewa. Amayi anakhala patali, msana atalozetsa beseni, ndipo asanakhale anandinong'oneza kuti ndiliphimbe ndi chitenje.

"Amayi, foni ilibe maso."

"Wadziwa bwanji? Unalowamo?"

Ndinaphimba.

Tsiku loyambalo zinthu sizinayende. Alamu anayamba monga ankachitira m'tchalitchi, kulankhula mosalekeza, ife tikumvetsera mwaulemu, mitu pansi. Akafunsa kuti tamva, tonse tinkagwedeza mitu. Mwana woleredwa bwino sayankha wamkulu mokuwa, amangovomera ndi mutu. Agogo ankagwedeza mwamphamvu mpaka khosi kulira.

"Muliko?" linatero beseni.

Tinagwedeza.

"Halo? Halo! Aaa, yathawanso."

Anadula. Anaimbanso, kuyambiranso phunziro pachiyambi, kufunsanso, ife kugwedezanso, iwo kudulanso. Kachitatu ine ndinalephera kupirira.

"Alamu, tilipo! Tikugwedezatu kuno!"

"Mukugwedezera ndani? Ine ndili ku Mulanje, ndikuona nkhuku za aneba."

Atsikana aja anagubuduka ndi phwete. Kenako batire inatha.

Sabata lotsatira alamu anabwera atasintha. Anati phunziro likhala lalifupi, mfundo imodzi basi, chifukwa batire yanga inali ndi mtima wochepa. Anati akanena kanthu aziima, ndipo aziitana munthu mmodzimmodzi kuti abwereze m'mawu ake, mokweza. Kugwedeza mutu analetsa. Munthu akasochera anene pomwepo kuti wasochera. Pomaliza ankatipatsa funso limodzi loti tikalitafune mlungu wonse tikuthyola tiyi.

Zinayenda bwino moti tinadabwa. Agogo a ulonda, amene m'tchalitchi ankagona, apa sankagona poopa kuitanidwa. Anayamba kutsutsa ndi kutsutsa komwe. Atsikana aja anapezeka kuti ali ndi mitu. Ngakhale ine ndinkamva zinthu zimene zaka ziwiri zonse zinkangondidutsa pamwamba, mwina chifukwa panalibe tayi ya alamu yoti ndiziiseka.

Koma mzere ukafika pa amayi, beseni linkatsokomola kaye.

"Mlamu, tawafunsa amayi kuti Sabata limayamba nthawi yanji."

Ine ndinkapita pamene akhala, kugwada, iwo n'kundinong'oneza: "Lachisanu dzuwa likalowa."

Ndiye ndinkabwerera kubeseni. Apa ndivomere tchimo langa. Mawu atatu kuwanyamula mtunda wonsewo ndinkaona ngati kuwononga ulendo.

"Akuti limayamba Lachisanu dzuwa likangobisala kuseri kwa mabulugamu, pamene munthu ayenera kukhala atasamba, ataphika, atakhululukira adani ake onse kuphatikizapo kapitawo."

"Atero amayi?"

"Ndafupikitsa kumene."

"Zikomo kwambiri. Auze kuti ayankha bwino koposa."

Mlungu ndi mlungu mayankho a amayi ankakula. Alamu anafika pouza akulu a mpingo kuti apongozi awo akhwima, chaka chino palibe chowabweza. Amayi ankandiyang'ana ndi diso lofiira koma sakanatha kunditsutsa, poti kutero kukanakhala kulankhula apongozi akumva. Ndinali pabwino ngati mbuzi yomasuka m'munda wa mwini wodwala.

Kutatsala masabata awiri kuti tsiku la mafunso lifike, tikuchokera kusikelo, amayi anandiuza osandiyang'ana kuti chaka chinonso sapita kukafunsidwa.

"Mutu wayamba kale?"

"Usandiseke."

"Nanga n'chiyani, amayi? Diresi ija njenjete zidya."

"Pali chimene ndikufuna kudziwa."

"Ndiuzeni ndikafunse."

Anaima panjira, kundiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Iweyo? Ndikakutuma mchere umabwera ndi ng'ombe."

Zinandilasa pang'ono, chifukwa zinali zoona.

Sabata limenelo kunali chiperoni. Nkhungu inaphimba munda wonse, thanki ya madzi osaoneka, ife titafunda zitenje ngati odwala. Phunziro linali la kusamala thupi: fodya ayi, mowa ayi, nyama zina ayi, tiyi ayi. Inde, tiyi. Anthu a mpingo wathu samwa tiyi. Timathyola kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, zala zathu n'zakuda ndi utomoni wake, koma pakamwa timaika madzi otentha a mandimu kapena soya wokazinga. Amayi anasiya kumwa tsiku limene analowa kalasi, ndipo anali munthu woti kale akapanda kumwa ankakangana ndi chitseko.

"Mlamu, tawafunsa amayi ngati pali chovuta pa phunziro la lero."

Ndinapita, ndinagwada. Amayi anangoti, "Palibe."

Ndinabwerera kubeseni, ndipo pakamwa panga panayamba pokha.

"Akuti palibe chovuta ngakhale pang'ono. Akuti iwo tiyi amadana naye, akamamuthyola amatseka mphuno, ndipo mtima wawo uli mbee ngati..."

"Bodza!"

Tonse tinatembenuka. Amayi anali ataimirira, chitenje chitagwa paphewa.

"Bodza limenelo! Ine sindinatero! Mwana iwe ukufuna ndikalowe m'madzi ndi mabodza ako kumsana?"

Atangotero anagwira pakamwa. Anazindikira kuti apongozi amva liwu lawo, lokweza, lokalipa. Agogo a ulonda anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga nkhungu. Atsikana aja kwa nthawi yoyamba sanaseke. Ine ndinkafuna nthaka itseguke, koma nthaka ya ku Thyolo ikanyowa imangoterera.

Kenako beseni linatsokomola.

"Beseni iwe," anatero alamu pang'onopang'ono, "ndikuona kuti mwana amene tinkamutuma uja ndi wakuba mawu. Kuyambira lero ndizituma iwe. Ukawauze amayi kuti ngati ali ndi mawu, akuuze iweyo. Iwe sunawonjezerepo kanthu chibadwire."

Amayi anayang'ana agogo a ulonda. Agogo anakanda chibwano.

"Mwambo umati mawu adzere penapake," anatero. "Sunanene kuti penapakepo pakhale ndi miyendo."

Amayi anayenda pang'onopang'ono, anagwada chammbali pafupi ndi mpando, nkhope itaona kumunda. Anakonza chitenje chophimba beseni chija kuti chisatseguke.

"Beseni iwe," anatero, "ukawauze aphunzitsi kuti ndawamva. Ukawafunse ichi. Akuti tiyi ndi woipa m'thupi, ndasiya. Koma ine manja angawa athyola tiyi kuyambira ndili mtsikana. Amene ndathyola ine, amwa anthu osawerengeka. Lolemba ndipitanso, chifukwa ndikapanda kupita tidya chiyani? Ndiye ukawafunse: munthu angalowe m'madzi Sabata, Lolemba n'kukathyolera anzake chimene iye akuti n'choipa? Si kunamiza Mulungu kumeneko?"

Zaka ziwiri, funso lake limeneli. Ine ndinkayenda nawo tsiku lililonse mumzere umodzi, osadziwa.

Tinadikira. Beseni silinayankhe.

"Beseni iwe, wamva?"

Zii.

Ndinavundukula chitenje. Foni inali itazima. Chiperoni chimadya batire kuposa njala.

Amayi sanamve zimenezo. Kwa iwo apongozi anamva funso n'kusowa chonena, kapena anakhumudwa kuti mayi wa mkazi wawo wawalankhula. Anatsika chitunda osadikira munthu. Kunyumba ndinawafotokozera za batire mpaka pakamwa kuuma, iwo anangoti, "Iwe ndi zonena zako." Ndinawaona akutsegula sutikesi, kuyang'ana diresi, n'kutseka. Tsiku limenelo m'pamene ndinadziwa kuipa kwa kukhala munthu wosakhulupirika: tsiku limene ukunena zoona palibe amakugula.

Lamulungu m'mawa ndinathamanga kukatchajitsa foni kwa ometa tsitsi kumsika. Magetsi kunalibe. Ndinakhala pabenchi mpaka masana ndikuyang'ana babu ngati ndilodze. Pobwerera, ndikutsika njira ya kumalaini, ndinaona njinga yodziwika itatsamira mtengo wa mapeyala pakhomo pathu. Alamu anali atakhala pachitsa, thalauza lonse matope, akupuma ngati ng'ombe yapangolo. Ine ndimati anapalasa kuchokera ku Mulanje osatsika, iwo amati theka la njira anakwera lole. Mukhulupirire amene mukufuna.

"Akazanga aang'ono, foni yako ija ukaitaye kudambo."

"Inali yanu, alamu. Munandipatsa mtembo."

"Amayi ali kuti?"

Amayi anali m'nyumba, chitseko chitatsekedwa, monga mwa nthawi zonse alamu akabwera. Ndinati ndilowe ndikanene kuti kwabwera alendo, koma alamu anakweza dzanja.

"Iwe ntchito inakuthera dzulo. Tenga beseni."

Ndinatenga beseni, linali ndi madzi otsukira, ndinakhuthula. Anati ndiike foni yakufayo m'katimo, ndiphimbe, ndiliike pakhonde pafupi ndi chitseko. Iwo anasuntha chitsa, kukhala chofulatira nyumba, akuyang'ana munda wa tiyi. Aneba anayamba kutuluka mmodzimmodzi, wina ndi tsache, wina ndi mwana, aliyense akunamizira ntchito.

"Beseni iwe," anayamba alamu, "dzulo unagona pantchito. Ukawauze amayi kuti funso lawo ndinalimva lonse, ndipo sindinagone nalo bwino."

Chitseko chinalira pang'ono.

"Ukawauze kuti tiyi amene iwo amathyola, amene ankamuyeza pasikelo zaka zonsezi ndine. Ngati manja awo ali ndi mlandu, anga ali ndi iwiri, poti ndimalembanso. Akulu a mpingo aja anagwira m'fakitale mpaka kupuma. Malata a tchalitchi chathu anachokera m'madengu a anthu ngati iwo. Ukawauze kuti ine si m'busa, zonse sindizidziwa. Koma chimene adzafunsidwe ndi cha thupi lawo, chimene iwo alonjeza kuika pakamwa pawo. Ntchito yolera nayo ana, yosaba, yosanama, sindinaonepo pamene inaletsa munthu madzi. Ndipo ukawauze kuti pa anthu onse amene ndawaphunzitsa, amene anaopa kunamiza Mulungu mpaka kudikira zaka ziwiri ndi iwo okha. Enafe tinangothamangira."

Kenako mawu anatuluka kuseri kwa chitseko.

"Beseni iwe, ukawafunse ngati akunena zimenezi chifukwa choti anakwatira mwana wanga."

"Ukawauze kuti ayi. Akafunsenso akulu a mpingo pamaso pa anthu, ine ndisaliko."

"Ukawauze kuti ndikafunsa."

"Ukawauze kuti akafunse ndithu."

"Ukawafunsenso ngati adya."

"Ukawauze kuti kuyambira m'mawa sindinalawe kanthu."

"Iwe!" Apa tsopano ankaitana ine. "Ukungoima ngati mtengo, sukumva kuti alendo ali ndi njala? Gwira nkhuku ija yathadzi."

Nkhuku imeneyo ndinaithamangitsa malaini onse, aneba akundiwombera m'manja.

Tsiku la mafunso mutu sunabwere. Amayi analowa m'chipinda cha akulu a mpingo, ndipo akuluwo asanatsegule pakamwa, iwo ndiwo anayamba kufunsa. Ine ndinali panja ndi khutu pawindo. Akulu aja anaseka, anatambasula manja awo, n'kuwaonetsa zipsera za makina a m'fakitale. Anthu ena ankatha mphindi zochepa m'menemo. Amayi anakhalamo mpaka amene tinali pamzere tinayamba kusinthana miyendo, chifukwa atayankhidwa la tiyi anatulutsanso ena amene anawasunga zaka ziwiri.

Anabatizidwa pamisasa, m'dziwe la mumtsinje wa kumunsi kwa mishoni, madzi ozizira ngati alangidwa. Diresi ija inawakwana, ngakhale inkanunkha sutikesi. Agogo a ulonda analowa m'madzi ndi chipewa m'manja, anakana kuchisiya pamtunda. Inenso ndinabatizidwa tsiku lomwelo. Abusa anandisunga pansi pa madzi nthawi yaitali kuposa ena onse, ndipo alamu mpaka lero amati anachita kuwapempha.

Amayi potuluka m'madzi, achemwali anawafunditsa chitenje, onse awiri akulira. Alamu anali tsidya lina, pakati pa azibambo, akuyang'ana mitengo. Amayi nawo ankayang'ana phiri. Koma ndinaona akunong'oneza achemwali, achemwali n'kuwoloka pamiyala kukanong'oneza amuna awo, alamu n'kuvula magalasi kupukuta.

Lolemba tinapita kukathyola tiyi monga mwa masiku onse. Amayi ankaimba mumzere mwawo, dengu lawo linadzaza langa lisanafike pakati.

Foni ija inafa chaka chomwecho, ndipo kalasi yotsatira alamu anaiphunzitsa pafoni ya agogo a ulonda, amene anagula yawo n'kudziika okha kukhala woyang'anira mpando. Koma anachita kubwereka beseni kwa aneba. Lathu lija amayi analipachika pamsomali m'chipinda, ndipo mbale tinayamba kutsukira mumphika. Alamu akabwera kudzacheza, amayi amalitsitsa, kulipukuta, kuliika pakhonde lopanda kanthu m'kati, iwo n'kukhala kuseri kwa chitseko. Amacheza ndi beseni limenelo mpaka dzuwa kupendeka: za mvula, za adzukulu, za phunziro la Sabata, za mwana wina wa m'nyumba muno amene sakupeza banja chifukwa cha pakamwa. Ine ndikati ndiyankhepo, onse awiri amati beseni silinandifunse.